Kuikiza Mawu a Bambo Ako

Kwa Mponda,
Mangochi.

Wokondedwa mwana wanga Sakina,

Asalaam aleikum. Ndikulemba kalatayi masana ano pamene wapita ku Nkhudzi kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndiisiya pamwamba pa sutikesi yako kuti uione ukangolowa. Uiwerenge lero lomwe. Usati ndikawerengera m'basi, chifukwa chimene ndikupempha muno n'chofunika chichitike basi isananyamuke. Ndikanatha kungokuuza pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikayamba kulankhula umayankha kuti "Ndamva, Amayi," maso ali pa foni, chala chikungoyendayenda. Pepala silitha moto ndipo silifuna netiweki, choncho upirire nazo zilembo zanga zokhotakhotazi.

Za sukulu ya unamwino akulangiza kale anthu ambiri. Ashehe anena zawo, amalume ako anaimba foni kuchokera ku Joni, ndipo ndikudziwa kuti panopa azakhali ako akukudzaza makutu ndi nkhani za anyamata a ku Mzuzu, chonsecho iwowo sanapondeko. Ine ndasankha kankhani kamodzi kamene ena onse angakaone ngati kachabechabe. Ndi nkhani ya foni yakoyo, yong'aluka galasi, imene waimanga ndi mphira kuti batire lisagwe.

M'foni imeneyo muli vidiyo ya malemu bambo ako. Paja sankakonda kujambulidwa, ankati chithunzi cha pa chiphaso chikwanira. Iwe unawazembera tsiku lija akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, foniyo amalume ako atangokutumizira kumene. Ndinali kukhitchini, koma ndinamva akukukalipira: "Iwe Sakina, chotsa chinthu chakocho, ine si mkwatibwi!" Kenaka anayamba kuseka. Mwana wanga, padziko lonse lapansi palibenso malo ena pamene pali nkhope ya bambo ako ikuyenda ndi mawu awo akumveka. Ndi m'kafoni kong'alukako basi. Mng'ono wako Hawa anali asanadziwe n'kuvala komwe pamene tinawaika m'manda, ndipo bambo amene iye amawadziwa ndi a m'vidiyomo. Mawa m'mawa ukukwera nawo basi.

Ndinakufunsa sabata yatha ngati unaisunga pena, unati, "Ndikachita ndikafika kusukulu, Amayi, kumeneko kuli waifai yaulere." Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pakati pa pano ndi Mzuzu pali madepoti, pali anthu othithikana pakhomo la basi, pali tulo ta m'njira chikwama chili pamiyendo. Ine madepoti ndimawadziwa kuposa iwe. Bandulo ndakugulira kale, uona uthenga wake, ndiye chowiringula chako chatha.

Ndiyambe ndi bambo anga, agogo ako amene sunawaone. Ukudziwa kuti ndinabwera kuno ndili kamtsikana, tikuthawa nkhondo ku Mozambique. Iwo sanawoloke nafe. Anati titsogole atipeza, ndipo sanatipeze. Amayi anatenga kachithunzi kawo kamodzi, kakang'ono ngati sitampa, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje. Mvula inatikwapula m'njira, tinawolokanso mitsinje, ndipo pomasula mfundoyo kuno kachithunziko kanali katasanduka phala. Ine sindinadandaule kwenikweni, ndinkati nkhope ya bambo anga ndili nayo m'mutu, angandilande ndani? Koma nkhope ya munthu imachoka pang'onopang'ono, osatsanzika. Lero chimene ndatsala nacho ndi kofia yoyera ndi kutalika kwawo, mwinanso kutalikako n'chifukwa chakuti ine ndinali wamfupi. Utandifunsa ngati unafanana nawo, sindingakuyankhe. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindikufuna kuti Hawa adzakule ndi ululu umenewu.

Titakhazikika ku Chowe, amayi anayamba kuweta nkhuku. Zitangoswana pang'ono, anatenga thadzi limodzi labwino kwambiri n'kukalisiya kwa mayi wina kuseri kwa phiri. Ine ndi njala yanga ya ndiwo ndinakwiya. Ndinati, "Amayi, nkhuku zathu zomwe n'zochepa, mukukagawiranso ena?" Iwo anati, "Sindinagawe, ndaikiza. Chitopa sichilowa midzi yonse tsiku limodzi." Chitopa chinabweradi nyengo yotentha, m'mudzi monse munangoti zii, ngakhale tambala wolira m'mawa analibe. Patapita nthawi amayi anandituma kuseri kwa phiri kuja ndi dengu, ndipo ndinabwerako ndi thadzi lija ndi misoti yake, ina titamusiyira wosungayo monga mwa mwambo wake. Khola lathu linayambiranso pamenepo.

Ukukumbukira tsiku limene unandiuza kuti zithunzi zimakasungidwa ku klaudi, n'kundimasulira kuti ndi mitambo? Ndinayang'ana kumwamba, iwe n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti kulibe mitambo, koma ndi makina a anthu ena, ali kutali, amene amakusungira zinthu zako kuti foni ikafa ukazipeze. Mumtima ndinati, kodi kumeneku si kuikiza? Dzina ndi lachilendo koma ntchito yake ndi ya amayi anga. Tsono popeza pa zamafoni umandiposa, ine ndikuuza za kuikiza, chifukwa pamenepo ndiye ndinapunthwapo kangapo.

Foni yanga yoyamba yojambula inamira ku Nkhudzi. Unali m'mawa maboti a usipa akufika, ife amayi ogula tikuthamangira m'madzi mpaka m'chiuno kuti tigwire boti anzathu asanatipitirire. Foni ndinali nditaikulunga m'jumbo ya shuga n'kuisomeka pachifuwa monga timachitira tonse. Powerama kuti ndisenze beseni, inangoti psiti, n'kulowa m'madzi pakati pa miyendo ya anthu. Munali zithunzi zonse za Hawa ali wakhanda, ndi za tsiku lomupatsa dzina. Ndinkadzitama kwa anzanga kuti ine zanga ndimasunga pa memori khadi, osaganiza kuti khadiyo ili m'mimba mwa foni yomweyo. Nditafika kunyumba ndikulira, bambo ako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abiti Issa, inu munaikiza nkhuku m'khola lanu lomwe." Ndinawakwiyira tsiku lonse, koma ankanena zoona. Chimene chili m'thumba limodzi ndi foni sichinasungidwe, Sakina, kaya ndi khadi, kaya ndi fulashi.

Foni yachiwiri ndinati ndachenjera. Mnyamata wogulitsa ananditsegulira akaunti pomwepo pa shopu, nati chilichonse chimene ndingajambule chizipita chokha kukasungidwa, kwaulere. Ndinachoka pamenepo mtima uli m'malo, ndipo sindinayang'anenso. Tsono iwe ukuidziwa ntchito yanga. Wogula wa ku Limbe satumiza galimoto asanaone nsomba, ndiye tsiku lililonse ndimajambula usipa pa thandala loyanikira, usipa m'beseni, utaka m'matumba, kutsogolo, kumbali, pafupi kuti aone kuti wauma bwino. Onjezapo magulu a pa foni: la amayi a ku mzikiti, la ogulitsa nsomba, la abale. Lachisanu lililonse kumabwera maluwa ndi mizikiti yowala yofunirana Ijumaa yabwino, aliyense kutumiza yake, ena mavidiyo a ulaliki aataliatali. Zonsezo foni inkatola n'kumakatutira kosungira kuja, ine osadziwa.

M'kati mwa nyengo imeneyo bambo ako anayamba kudwala. Anafewa mtima, moti pa Idi yawo yomaliza analola kuti ndiwajambule atanyamula Hawa pamiyendo, atavala mkanjo woyera uja. Ndikakhala ku Limbe ndi nsomba ankanditumizira mauthenga a mawu, poti kulemba kunkawatopetsa. Ankangonena zazing'ono, kuti amwa mankhwala, kuti mwera wayamba, kuti ndisaiwale kugula anyezi. Atamwalira tinawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu, ndipo zonse zinachitika mofulumira moti ndinkadzitonthoza kuti ndikadzapeza mphamvu ndidzakhala pansi n'kumvetsera mauthenga aja umodziumodzi. Mphamvuzo zisanabwere, foni inabedwa mu msika ku Limbe. Sindinalire kwambiri. Ndinkati akuba atenga chikopa, nyama ili kosungira.

Unalipo iwe tsiku limene tinapita kwa mtsikana wokonza mafoni pafupi ndi msika wathu kuno kuti atitsegulire akaunti ija pa foni yatsopano. Anavutika nayo, kenaka anamwetulira.

"Mayi, zinthu zanu zilipo, sizinatayike."

Ndinati Alhamdulillah, n'kumukumbatira munthu wosamudziwa. Anayamba kutsitsa ndi chala. Usipa. Usipa. Maluwa a Ijumaa. Utaka. Usipa.

"Pitirizani, achemwali, kutsogoloko kuli za Idi."

"Zathera pomwepa, mayi. Malo anu aulere anadzaza kalekale. Kodi foni siinkakuuzani?"

Inkandiuza. M'mawa uliwonse kankabwera kauthenga ka Chingerezi pamwamba pa galasi, ine n'kumakakankha ndi chala ngati ntchentche, kuganiza kuti ndi otsatsa malonda. Chithunzi chomaliza chimene chinasungidwa chinali beseni la nsomba za kambuzi, pambali pake phazi langa lili mu silipasi. Cha Idi panalibe, mauthenga aja panalibe ndi umodzi womwe. Iwe unandigwira dzanja potuluka, ndipo tinayenda mpaka kunyumba. Nsomba zija zinagulitsidwa n'kudyedwa kalekale, koma zithunzi zake zilipo mpaka lero, zosungidwa bwinobwino.

Tsono posankha kokaikiza, yamba wafunsa kukula kwa khola. Sindikunena kuti zaulere n'zoipa, ayi, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Udziwe kuti malo akupatsawo ndi aakulu bwanji, ndipo akadzadza chimachitika n'chiyani, chifukwa ena amangosiya kulandira mwakachetechete iwe n'kumayenda modzitama ngati ine. Kusukuluko mudzakhala ndi magulu anuanu, manotsi, zithunzi za pa bolodi, mavidiyo oseketsa a anzako. Uiuze foni kuti za m'magulu isamatute. Usankhe wekha zoyenera kupita: vidiyo ya bambo ako choyamba, kenaka zithunzi za masatifiketi ako ndi chiphaso, za Hawa, ndi ntchito za kusukulu zimene ungalire zitatayika. Ndipo kauthenga kalikonse kakabwera, ukawerenge. Iwe Chingerezi unaphunzira, ulibe chonamizira ngati ine.

Ukaona kuti malo aulere sakukwanira, undiuze, tilipire. Usachite manyazi kuti Amayi avutika kale ndi fizi. Usipa ndi umene unandidyera malo, usipa womwewo ulipira. Koma usanavomere, ufufuze kuti mwezi wina ukalephera kulipira amatani. Ukudziwa mmene zimakhalira mwera ukalimba, maboti amakhala pamtunda ndipo m'nyumba muno mumauma. Wosunga wabwino amangotseka chitseko kuti usaonjezere zina, n'kukudikira. Amene amataya katundu wako chifukwa wachedwa pang'ono, ameneyo umulambalale ngakhale akhale wotchipa chotani.

Palinso china chimene ndinamva kwa mnzanga amene timayanika naye nsomba. Iye foni yake itadzaza anafufuta zithunzi za ukwati wa mwana wake, akuti poti zili kale kosungira. Tsiku lokazifuna anapeza kuti nakonso zinafufutika. Kani osunga ena amangotsanzira foni ngati kalilole, ukachotsa kuno nawonso achotsa. Ufunse bwino pamenepa, Sakina, safunsa anadya phula. Uyese ndi chithunzi chachabechabe, uchifufute m'foni, uone ngati kumeneko chatsala. Uonenso ngati amabweza chinthu mmene unawapatsira, chifukwa ndamva kuti ena amafinya zithunzi ndi mavidiyo kuti zichepe. Vidiyo ija unaijambula kukuwomba mphepo, ndiponso ndi foni yakale. Akaifinyanso, Hawa adzangomva mphepoyo.

Akaunti utsegule wekha, ndi manja ako. Ine yanga ananditsegulira wogulitsa uja, mawu achinsinsi n'kusankha yekha, ndipo chimene chinatipulumutsa n'chakuti anaikapo nambala yanga. Akanaika yake bwenzi ngakhale usipa uja sitinauone. Nambala imene uikepo uisamale ngati kiyi wa nyumba. Ndimakuonani achinyamata, lero nambala iyi, mawa ina chifukwa kwatuluka bandulo yotchipa, yakale n'kuitaya m'dilowa mpaka kufa. Tsiku loiwala mawu achinsinsi, uthenga wokutsegulira udzapita ku nambala yakufayo, kapena kwa mlendo amene anaipatsidwa. Kusukulu mwina adzakupatsani malo awo osungira, ugwiritse ntchito pa manotsi, koma bambo ako usawaike kumeneko. Nyumba ya sukulu umatulukamo ukamaliza.

Ndipo pakadzapezeka kamnyamata kodziwa za makompyuta, kodzakuuza kuti "Bweretsa ndikukonzere," ukathokoze bwinobwino foni ili m'manja mwako. Usandiyang'ane choncho, ndikudziwa kuti adzapezeka, sindinabereke mwana woipa nkhope. Chikondi chimatha, koma mawu achinsinsi amene unamuuza munthu satuluka m'mutu mwake. M'foni mwako muli zithunzi zako uli m'nyumba wopanda mpango, muli za azakhali ako akuvina pa ukwati pamene panali amayi okhaokha. Anthu amenewo anakulola kuwajambula chifukwa ndiwe mwana wawo, sanalole dziko. Usankhe wosunga amene ali ndi loko weniweni, woti wina akafuna kulowa ndi foni yachilendo, iwe uyambe wafunsidwa. Za odwala amene uzikawasamalira ndiye usajambule n'komwe. Munthu akagona pa bedi la chipatala wavula ulemu wake n'kukupatsa iwe kuti umusungire.

Tsono imva za mbuzi za bambo ako, chifukwa pamenepa iwonso anaphonya, Allah awakhululukire. Hawa atabadwa, iwo anagula mbuzi n'kukaziikiza kumtunda, cha ku Chowe komwe kuja. Nthawi ndi nthawi ankati, "Mbuzi za Hawa zaswa," nkhope ili ngwee. Ndikafunsa kuti zili kwa yani, ankati, "Mukadziwa inu, Idi ikubwerayi zithera mu mphika." Tinkaseka. Tinkaona ngati nthawi ilipo yambiri. Atadwala, m'mutu mwanga munali mankhwala ndi mayendedwe a kuchipatala, za mbuzi sindinaziganize. Titatha sadaka ndinakwera njinga kupita ku Chowe, kufunsa khomo ndi khomo. Aliyense ankandipepesa maliro mwaulemu, koma wonena kuti mbuzi zili kwa ine sanapezeke. Mwina wosungayo ndinamwa madzi pakhomo pake tsiku limenelo. Mbuzi za Hawa zilipo penapake, zikuswana, koma kwa ife zili ngati zinafa.

Ukuona tsono kuti chinsinsi chili ndi malire. Kwa kamnyamata ubise, koma pakhale munthu mmodzi wa magazi ako wodziwa kumene waikiza ndi kalowedwe kake. Sindikukulosera zoipa, mwana wanga, Allah akusunge mpaka udzaone zidzukulu. Koma bambo ako nawonso sankadziwa. Undiphunzitse ine mawu achinsinsiwo. Ndinaloweza masura a Korani ndili mwana m'chilankhulo chimene sindinkachimva, timawu takoto sitingandikanike. Usaope kuti ndizikasuzumira zithunzi zako, ndilibe nthawi imeneyo, komanso mtima wanga sufuna kuthamanga ndi zinthu zimene sindinafunse. Ngati pali njira yoti vidiyo yokhayo uiike poti ine ndi Hawa tizitha kuitsegula tokha pa foni yanga, ndiye bwino kwambiri.

Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma amene ananena zimenezo analibe foni. Pa nkhani iyi phanga limodzi ndi limene limavumbwitsa. Kampani ndi anthu, imatha kutseka, imatha kusintha malamulo iwe uli m'kalasi. Ukaika ku klaudi kuja, utumizenso vidiyoyo kwa amalume ako ku Joni, uwauze kuti asunge pa kompyuta yawo, osangoisiya mu uthenga. Ina uike pa fulashi yaing'ono ija ili m'kabati, isale kuno kunyumba, isapite nawe. Chitopa sichilowa midzi yonse tsiku limodzi.

Chomaliza pa zimenezi, chiweto choikiza amakachiona. Amayi anga mwezi sunkatha osapita kuseri kwa phiri kuja, ati kukacheza, koma maso ali pa thadzi lawo. Ine ndinaikiza n'kugona tulo, ndipo waona chimene ndinakolola. Iwe uzipeza nthawi, kaya pakutha pa teremu, kaya mwezi wa Ramadhani ukayamba kuti usaiwale, ulowe mu akaunti yako, utsegule vidiyoyo kuchokera kumeneko, uionere mpaka kumapeto. Uone ndi maso ako kuti chithunzi chimene unajambula dzulo chafika. Foni ikakuuza kuti zonse zili bwino, uiyankhe kuti ndione.

Zina zonse ukuzidziwa kale. Mapemphero a swala usasiye ngakhale uzizidwe bwanji, akuti kumeneko madzi a m'mawa amaluma. Juzi ya bambo ako yabulauni ndaiika pansi pa sutikesi, ndi yaikulu koma ikufunditsa. Usipa wokazinga uli m'chigubu chabuluu, ugawireko anzako a m'chipinda, asadzati mwana wa ku Mangochi ndi womana. Ukasowa kanthu uimbe, ukapanda kusowa kanthu uimbebe.

Tsopano ndikuuze chimene chandikhazika pansi kulemba zonsezi. Ukudziwa kuti vidiyo imeneyi ine sindinaionerepo. Unayesa kundionetsa maliro atangotha, ndinakukaniza, ndinakuletsanso kuitumiza pa foni yanga. Iwe ndi Hawa mukakhala pa mkeka Lachisanu masana kuti muionere, ine ndimapeza chochita kumathandala. Ndinkaopa kuti ndikawaona akuseka pansi pa mango paja, miyendo yanga sidzandinyamulanso kupita kunyanja, ndipo inu mukanadya chiyani? Ndinkadziuzanso kuti ine sindikufunika vidiyo, munthu ndinakhala naye zaka zonsezo ndingamuiwale bwanji? Ndi mawu omwe aja ndinanena ndili kamtsikana, kachithunzi katasungunuka pa chitenje.

Dzana ndikumuluka tsitsi Hawa, anandifunsa kuti, "Amayi, achemwali akapita, Ababa apitanso?" Ndinati ayi, tikonza. Kenaka anati, "Mukudziwa kuti kumapeto kwake Ababa amaitana inu? Amatembenuka n'kunena kuti, Abiti Issa, tiyi uja wafika pati?"

Sindinkadziwa, Sakina. Sunandiuzepo, ndipo sindikukuimba mlandu, ndinakutseka pakamwa ndine. Ndinamaliza kuluka, ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinaima pansi pa mango paja n'kuyesa kuwamva akundiitana. Mawu amene ankanena ndikuwakumbukira onse, ndakulembera ena m'kalata muno. Koma kamvekedwe kake sikanabwere. Ndinayesa kangapo, ndipo ndinkangomva mawu anga omwe, kapena a amalume ako. Munthu amene anandiitana dzina limenelo m'mawa uliwonse, lero sindikutha kumumva. Zayamba kuchoka ngati mmene inachokera nkhope ya bambo anga, ndipo ndachita mantha.

Ndiye ukamaliza kuwerenga, usabwere kudzandipepesa kapena kundiyang'ana ndi maso achisoni, ukudziwa kuti sindizikonda. Ukhale pakhonde pamene netiweki imagwira bwino, usankhe kokaikiza monga ndakuuzira, uitumize, udikire mpaka ifike. Ukatero utenge foni yanga, uitsegule kuchokera kumeneko kuti tione ngati yafikadi yonse. Undiitane. Ndibwera ndikhale pakati pa iwe ndi Hawa, ndipo ulendo uno sindithawira kumathandala. Ukweze mawu mpaka pamapeto, ndimve bambo ako akundifunsa za tiyi.

Uyende bwino, mwana wanga. Allah akutsogolere pa msewu ndi m'kalasi, akubwezere kwa ife uli wamoyo ndi wanzeru.

Ndine mayi ako,
Abiti Issa